Mphwanga analowa gulu la zikwanje: zomwe tinalakwitsa ndi momwe tinamutulutsira

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anakhala m'gulu la anyamata olembedwa ganyu yochita ziwawa za ndale kuyambira Epulo mpaka Novembala 2024. Miyezi itatu mwa imeneyi inaonjezekera chifukwa cha kulakwitsa kwathu achibale. Kumuchotsa ndi kumuimika pa miyendo yake kunatenga miyezi ina isanu ndi umodzi, ndi ndalama zoposa K600,000. Dzina lake, dera lathu lenileni muno mu Lilongwe ndi mbali imene ankaigwirira sinditchula. Kakokedwe ka anyamata n'kamodzimodzi konsekonse, chimene chimasiyana ndi mtundu wa nsalu ya chipani basi.

Anali wa kabaza wa njinga yamoto, wazaka 23, wosiyira sukulu Fomu 3 chifukwa cha fizi. Njinga sinali yake. Mwiniwake ankafuna K7,000 madzulo aliwonse, zotsala zikhale za mnyamatayo akachotsa mafuta. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, petulo anakwera kufika K2,530 pa lita, okwera n'kuyamba kunenerera kapena kungoyenda wapansi. Masiku ena ankafika pakhomo ndi K1,500, masiku ena ankachita kubwereka kuti akwanitse ya mwini njinga. Ife pomuona akudzuka m'mamawa ndi chipewa chake tinkati ali pa ntchito. Palibe anamufunsapo kuti pa sabata akutsala ndi zingati.

Mu Malichi 2024 njinga inagwidwa. Analibe laisensi, monga anzake ambiri pa siteji yawo. Koma chimene chinamudya mtima si njingayo. Mmodzi mwa amene anamugwirawo anamuwomba mbama kawiri n'kumukhazika m'matope, mayi amene anawanyamula akuona, anzake a pa siteji akuona. Usiku womwewo anabwera kudzandiuza, milomo ikunjenjemera. Ine ndinati, "Ukanakhala ndi mapepala bwenzi zonsezi kulibe." Zinali zoona, koma sizimene anadzera. Anangoti, "Chabwino amalume," n'kutuluka. Pamenepo m'pomwe ndinamutaya koyamba.

Mnyamata akachititsidwa manyazi pagulu, sabata yomweyo khalani naye pansi, mulembe tsiku, ola, malo ndi mayina a amene anaona. Madandaulo otere ali nako kopita: ku Malawi Human Rights Commission, ku ofesi ya Ombudsman, kapena ku Independent Complaints Commission ngati wolakwayo ndi wapolisi. Yankho likhoza kuchedwa, koma mnyamatayo amaona kuti wamkulu wa kwawo wavala nsapato chifukwa cha iye, ndiponso kuti pali njira ina yobwezera yosakhala mwala. Bungwe la United Nations loona za chitukuko, UNDP, litafunsa anthu amene analowa magulu ngati Boko Haram ndi Al-Shabaab, linapeza mu 2017 kuti 71 pa 100 alionse anatchula zochita za a boma, monga kuphedwa kapena kumangidwa kwa mbale kapena mnzawo, kuti ndi zimene zinawakankha komaliza. Kwathu konkuno tinaona ku Msundwe mu Okutobala 2019: wapolisi anaphedwa ndi gulu la anthu, kenako amayi ndi atsikana a ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika anagwiriridwa ndi apolisi, mpaka High Court inalamula mu 2020 kuti 18 mwa iwo apatsidwe chipepeso. Mbali iliyonse inkadziona kuti ikungobwezera.

Kuti aombole njinga, mphwanga anatenga katapila wa K80,000, wobweza K120,000 pakutha pa mwezi. Njinga inatuluka, mwiniwake n'kuipereka kwa mnyamata wina. Anatsala ndi ngongole yopanda njinga, ndipo ife za katapilayo sitinkazidziwa.

Kakokedwe kake kanayenda motere, monga anandifotokozera pambuyo pake. Ankaswera pa puu ina pafupi ndi msika. Pankafika bambo wina wa galimoto amene anyamata ankamutcha abigi. Sabata ziwiri zoyamba sanatchule ndale ngakhale kamodzi. Ankagulira mafana tchipisi pa chiwaya, kuwaikira bandulo, kufunsa aliyense dzina ndi vuto lake. Atamva za katapila anangoti, "Zimenezo zisakusowetse tulo, fana," mawa lake n'kulipira yonse K120,000. Kenako inabwera foni yatsopano, ati kuti azipezeka msanga. Ganyu yoyamba inali yosaopsa: kukwera lole, kuvala nsalu, kuimba pa msonkhano, K5,000 ndi chakumwa. Yachiwiri inali ya "chitetezo," kuima mozungulira nsanja, K10,000. Yachitatu inali yokasokoneza msonkhano wa ena ndi mawezulo ndi miyala. Zikwanje anaziona koyamba mu Julayi, m'buti ya galimoto, zitakulungidwa m'thumba la feteleza. Pofika apo anali atadya, atavala, atalipiriridwa ngongole, ndipo nkhope yake inali m'mavidiyo amene abigi ankasunga. Asananyamuke ulendo uliwonse ankawamwetsa kachasu, ena chamba, kuti mantha achoke.

Zoti "ife ndi iwo" zinabwera pambuyo pa ndalama. Anamuika pa gulu la WhatsApp pomwe tsiku lililonse pankagwa mavoisi: anthu a chigawo chakuti ndi amene akudya dziko, a mtundu wakuti akalowa mudzaona polekera, wakuti ndi kapirikoni. Ambiri timaganiza kuti munthu amayamba wakhulupirira kenako n'kulowa gulu. Mphwanga analowa chifukwa cha ngongole, chikhulupirirocho anachipeza m'katimo, ndipo chinamuthandiza kugona tulo atachita zoipa. Kafukufuku wa UNDP uja anapezanso kuti 57 pa 100 alionse mwa olowa magulu odzitcha achipembedzo ankadziwa zochepa kapena sankadziwa n'komwe mabuku a chipembedzo chawocho, ndipo wotsatira wake wa mu 2023 anapeza kuti mmodzi mwa anayi alionse olowa mwa kufuna kwawo ankasaka ntchito. Kwa aneba athu ku Mozambique, m'chigawo cha Cabo Delgado, nkhondo inayamba pa 5 Okutobala 2017 ndi anyamata onyamula zikwanje ndi mfuti zochepa, amene anaukira apolisi ku Mocímboa da Praia. Dera lawo lili ndi gasi wa pansi pa nyanja ndi miyala ya ruby ku Montepuez, koma anyamata ake chumacho ankangochimva fungo. Pofika Malichi 2021 anaukira Palma, ndipo mu Julayi chaka chomwecho Rwanda ndi mayiko a SADC anatumiza asilikali. Anthu oposa miliyoni imodzi anathawa m'makomo mwawo. Anyamata a ganyu a mu Lilongwe si zigawenga za ku Palma ayi, koma khomo lolowera ndinalizindikira.

Zizindikiro zinalipo, tinangozimasulira molakwika. Anasiya kudya pakhomo koma ankanenepa. Anali ndi foni yodula popanda ntchito yodziwika. Anzake a pa siteji anasiya kubwera, kunayamba kubwera nkhope zachilendo zomuitana ndi dzina lina, la nkhondo. Foni ikalira ankakayankhira kuseri kwa bafa. Chachikulu chinali pakamwa: bambo oyandikana nafe, amene anamulera ngati wawo, tsiku lina anawatchula ndi dzina la mtundu wawo mwachipongwe. Mayi ake ankati ndi chamba. Ine ndinkati ndi chibwenzi.

Mu Ogasiti munthu wina anatumizira mlongo wanga vidiyo, mphwanga ali m'gulu, mwala m'manja. Mutu ukakula sulewa nkhonya, nkhani inagwera ine mwini mbumba. Ndinaitanitsa banja lonse, anthu khumi ndi awiri, n'kumukhazika pakati. Ndinaonetsa vidiyo ija kwa onse. Azakhali ake analira, ena anamutukwana, ine ndinamulanda foni n'kumuuza kuti akapitiriza ndikamusiya ndekha ku polisi. Ndinamubwerezera zomwe anamuchita wa pa msewu uja, kungoti ulendo uno zinachokera kwa ake omwe. Usiku umenewo anachoka, ndipo anakakhala kwa anyamata a gulu lija masabata khumi ndi limodzi. Foni ina abigi anamugulira mawa lake lomwe.

Nthawi imeneyo tinayesa zina ziwiri zimene sizinaphule kanthu. Mlongo wanga anapita ndi malaya ake kwa opemphera, anawononga K25,000 ya mafuta odzozera ndi thiransipoti. Pemphero sindikulinyoza, linamugwira mtima mlongo wangayo kuti asagwe, koma silinabweze ngongole ya munthu. Ine ndinkamutumizira mauthenga ataliatali otsutsa ndale zake, ndi manambala ndi maumboni. Ankawawerenga pamaso pa anzake n'kumaseka. Musatsutsane naye za ndale kapena za chipembedzo adakali m'katimo. Mukatero mumangotsimikizira zomwe anamuuza, zoti a kwanu sakukumvetsa, abale ako enieni ndife. Uthenga umene anadzandiuza kuti unamukhudza unali wa mayi ake, wa mzere umodzi: "Ndaphika nyemba, mbale yako ilipo." Ankautumiza madzulo aliwonse, ayankhe asayankhe.

Zinthu zinatembenuka mu Novembala, nthawi ya mizere italiitali ya mafuta. Pa ganyu ina anakumana ndi anyamata a mbali ina okonzeka ngati iwo. Mnzake wapamtima anatemedwa pamkono mpaka fupa kuoneka. Galimoto inakamusiya pa geti ya chipatala n'kuthawa, mphwanga yekha ndi amene anatsala naye. Anaimbira abigi kasanu ndi kawiri, foni yozima. Cha m'ma 2 koloko usiku ndinamva kugogoda pa windo. "Amalume, ndine." Malaya ake anali magazi okhaokha.

Mtima wanga unali ndi mafunso zana ndi mkwiyo wa miyezi itatu. Chimene chinandigwira pakamwa ndi mawu a shehe wina wa m'dera lathu, amene timakhala naye mu komiti ya chitetezo cha m'mudzi. Ine ndine wa mpingo, koma iye ndi amene anandiuza kuti mnyamata wotere amabwerera kamodzi, ndipo akapeza bwalo la milandu pakhomo sabweranso. Ndinamutenthetsera madzi, ndinamupatsa malaya anga, mkazi wanga anaphika phala. Sitinamufunse kanthu mpaka madzulo a tsiku lotsatira. Malaya a magaziwo musawawotche kapena kuwataya. Ikani m'jumbo musunge, chifukwa ngati nkhani ingafike ku khoti, kubisa umboni kumakhala mlandu wanu.

Funso loyamba lisakhale lakuti "unachitiranji." Lathu linali lakuti, "Uli ndi ngongole kwa ndani, zingati?" Tinalemba pa pepala. Abigi ankawerengera K120,000 ya katapila ndi foni. Panali K18,000 ya pa shabini ndi K12,000 ya lendi kumene ankagona. Funso lachiwiri linali lovuta: "Unavulaza ndani?" Apa pafunika choonadi chonse, chifukwa njira zimasiyana. Ngati anatema munthu kapena pali amene anafa, imeneyo si nkhani yothera pa khonde. Pitani naye ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu pa milandu, kapena kwa loya musanalankhule ndi wina aliyense, ndipo musamulonjeze kuti mumubisa. Mphwanga sanateme munthu. Koma mu Seputembala anagubuduza mabenchi a ogulitsa malonda, n'kukankha mayi wina wa tomato mpaka kugwera mu ngalande. Mayiyo amapemphera ndi mayi ake.

Ngongole ya abigi tinaganiza zobweza, ngakhale ena m'banja ankati munthu woipa sabwezeredwa. Chingwe chimene anamumangira chinali chimenecho, ndipo tikanachisiya bwenzi akubwera nacho pakhomo. Koma musapite nokha, ndipo mnyamatayo asapite n'komwe. Tinadzera mwa mfumu ya m'dera lathu. Foni inabwezedwa yonse ndi chaja chake, ndalama tinapereka katatu, K40,000 ulendo uliwonse, mfumu ikulemba m'kaundula wake ndi mboni ziwiri. Uthenga unali umodzi: mnyamata wadwala maganizo ndi zimene anaona, akupita kumudzi, sakukanena aliyense. Pa gulu la WhatsApp sanatuluke tsiku lomwelo, chifukwa wotuluka mwadzidzidzi amatchedwa kazitape. Anangokhala chete, ndipo nambala inasinthidwa atafika kale kumudzi. Ngakhale zinali choncho, anyamata awiri anabwera pakhomo kawiri kudzafunsa. Ulendo wachiwiri anapeza a komiti ya chitetezo anayi atakhala pa khonde akusewera bawo. Sanabwerenso.

Kumudzi, cha ku Mitundu, anakhalako Disembala ndi Januwale, nthawi yopalira ndi kubandira. Zinatidyera K70,000 ya thiransipoti, ufa ndi ndiwo, chifukwa imeneyo ndi miyezi ya njala ndipo simungangotula pakamwa pena kwa agogo. Masabata awiri oyamba anali oipa. Thupi linkafuna kachasu, sankagona, ankadzidzimuka akamva galimoto. Tinalakwitsa posamupezera mlangizi wa za maganizo nthawi imeneyo. Tinkati khasu limuchiritsa. Anadzayamba kuonana ndi mlangizi mu Febuluwale, ndipo m'pomwe maloto a mkono wa mnzake uja anayamba kuchepa. Funsani ku chipatala cha m'dera lanu sabata yoyamba yomwe.

Asanabwerere m'tauni tinakonza za mayi wa tomato. Anthu ambiri gawo ili amalidumpha poopa manyazi, koma mnyamata amene akuzemba njira ina ya m'dera lake lomwe amakhala ndi phazi limodzi kunja. Tinatuma amayi awiri a mvano kukafunsa kaye ngati angalole kumuona. Anakana. Tinadikira masabata atatu osawakakamiza. Atalola, tinakumana kwa mfumu, anthu asanu ndi mmodzi okha. Anawerengera okha katundu amene anaonongeka ndi masiku amene sanagulitse chifukwa cha chiuno, zinakwana K60,000. Mphwanga anagwada. Mayiwo sananene kuti akhululuka. Anangoti, "Ndinakuona uli wakhanda, iwe," n'kulandira ndalamazo.

Ntchito ndi imene inali yodula kuposa zonse. Makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA ali ndi nthawi yake yolembera ndipo malo ndi ochepa, ife sitikanatha kudikira. Tinapeza mmisiri wowotcherera zitsulo ku Mchesi amene anavomera kumuphunzitsa miyezi isanu ndi umodzi pa K150,000. Tinamuuza zoona zonse za mnyamatayo tsiku loyamba, kuti asadzamve kwa ena. Ovolosi, nsapato zolimba ndi magalasi a moto zinakwana K65,000. Apa tinalakwitsanso: tinaiwala kuti wophunzira salandira kanthu. Munthu amene anazolowera K10,000 pa tsiku limodzi ankayenda wapansi kupita ku Mchesi, masana osadya, magetsi akazima n'kungokhala tsiku lonse akuyang'ana zitsulo.

Mu Malichi 2025, chisankho cha pa 16 Seputembala chikuyandikira, anamupeza. Mmodzi wa anzake akale anafika pa shedi n'kumuuza kuti mitengo yakwera, tsopano ndi K20,000 pa ulendo. Mphwanga anajomba masiku awiri. Mmisiri uja anandiimbira tsiku loyamba lomwelo, chifukwa tinapangana kuti akangojomba andiuze dzuwa lisanalowe. Ndinamupeza pa puu yakale ija, atakhala panja, sanalowe. Ulendo uno sindinakalipe. Ndinakhala pambali pake n'kumufunsa kuti wadya chiyani. Anati chinangwa cha K200, dzulo. Kuyambira mawa lake tinayamba kumupatsa K2,000 m'mawa uliwonse, ya minibasi ndi nkhomaliro. Musapereke ya mwezi wonse pakamodzi, ndiponso musadumphitse tsiku. Tinasonkherana anthu atatu, K52,000 pa mwezi, kwa miyezi itatu. Mu Meyi anawotcherera yekha mafelemu a mawindo anayi, mmisiri n'kumugawira K35,000.

Dziko lili ndi lamulo la Peace and Unity Act la mu 2022, pali Malawi Peace and Unity Commission, ndipo lamuloli limafuna makomiti a mtendere m'maboma. Mikangano ya magulu imafunadi mabwalo otere. Nkhani ya hijabu m'sukulu za mipingo, imene inafika pa ziwawa ku Balaka mu 2019, inatheka ndi kukambirana kumene bungwe la azipembedzo la Public Affairs Committee linatsogolera mpaka mgwirizano wa mu 2021. Koma mabwalo amenewo safika pa puu. Ife mu komiti yathu tinasintha zinthu ziwiri zazing'ono. Wa kabaza aliyense wa m'dera lathu amene njinga yake yagwidwa, mkulu mmodzi amapita naye, ndipo tili ndi kathumba kosonkherana kobwereketsa mpaka K50,000 popanda chiongoladzanja kuti asapite ku katapila. Kathumbako n'kosakwanira, ndipo awiri sanabweze.

Pa 26 Juni 2025 amuna a zikwanje anamenya anthu ochita zionetsero muno mu Lilongwe dzuwa likuswa mtengo, mavidiyo n'kuzungulira dziko lonse. Madzulo ake mphwanga anabwera kuchokera ku Mchesi, maso ofiira ndi moto wa zitsulo, n'kukhala pa mpando wa pakhonde. Anaonera vidiyo imodzi pa foni yanga kawiri, osalankhula. Kenako anandibwezera foni n'kufunsa ngati m'kathumba kaja muli kanthu, chifukwa mnzake wa mkono uja zala ziwiri sizipinda ndipo sangagwirenso handulo ya njinga. Munali K31,000. Loweruka lake tinapita tonse awiri kukamuona kwa mayi ake ku Chinsapo.